Mbande ya Mango m'Munda Wobwereka

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinaoloka malire pa Chiponde, ine, ababa ndi amayi, titasenza zokhazo zimene munthu angathe kuthamanga nazo. Amayi anasenza mphasa ndi ndowa. Ababa anasiya chilichonse, koma nkhwangwa ndi khasu sanasiye. Ine anandipatsa nkhuku, ndipo inafera m'njira. Kwathu, kuseri kwa Mandimba, nkhondo inali itafika pakhomo penipeni. Zimene tinaona kumeneko sindilemba pano, chifukwa amene anaziona akuzidziwa kale.

Kumsasa wa othawa nkhondo sitinakhalitseko. Ababa anga, Che Jafali, anali mlimi weniweni, munthu woti mitambo ikangoyamba kuda manja ankamuyabwa. Zoima pamzere ndi thumba m'manja kudikira ufa zinkawadwalitsa. Atamva kuti kunyanja, panjira yopita ku Monkey Bay, kuli munthu wolankhula Chiyao ngati ife amene ali ndi malo oti angabwereke mlendo, anamanga mphasa tsiku lomwelo.

Munthuyo anali Che Amidu. Anali ndi ngalawa zake, khoka lalikulu lija amati chilimira, ndi anyamata ambiri omupalasira. Anali wonenepa bwino, wa mawu ofewa, kofiya wake woyera nthawi zonse. Anatilandira pakhonde, anatipatsa madzi, nkunena kuti, "Inu ndinu abale athu. Malire awa anaika ndi azungu, ife sitiwadziwa." Amayi analira pomva mawu amenewo. Inenso ndinawakhulupirira, nanga ndikanadziwa chiyani?

Mudzi wawo unapanikizika pakati pa zinthu ziwiri: kutsogolo nyanja, kumbuyo phiri. Anthu akumeneko nkhope zawo zinali kumadzi, phiri anali atalifulatira. Kulima ankalima pang'ono chabe, timinda ta chinangwa pamchenga, chifukwa chimanga ankachipeza posinthanitsa ndi nsomba. Usipa ndi utaka ankaziyanika pathandala, dzuwa nkugwira ntchito yake. Koma chambo, kampango ndi milamba sizimva dzuwa, zimafuna moto. Ukachedwa kuziwamba zimaola, ndipo ogula ochokera kwa Mponda ndi ku Limbe sakuyang'ananso. Ndiye moto wa padooko sunkazima, ndipo nkhuni za pafupi zinali zitatha kalekale.

Che Amidu anatitengera kuphiri, pamtsetse wa banja lawo. Munali mdima wa mitengo mmenemo: mombo, muwanga, masuku, kumunsi kwake tsanya. Pansi panali pofewa ndi masamba oola, phazi linkamira.

"Limani apa, Che Jafali," anatero. "Mitengo mukadula muzitsitsira kudooko, ife tiziwambira nsomba. Munda ndi wanu kulima mpaka nkhondo idzathe."

Ababa anafukula dothi ndi chala, analinunkhiza, kenako anagwira dzanja la Che Amidu ndi manja awo onse awiri. Kuyambira tsiku limenelo moyo wathu wonse unali pamtsetse umenewo. Tinalibe khadi la ufa, tinali titalisiya kumsasa. Tinalibe bwato, ndipo ababa madzi ankawaopa. Munda umenewo ukanatichoka, tikanasowa pogwira.

Amayi sanadyeko za m'mundamo. Mvula yoyamba itagwa kunabwera matenda otsegula m'mimba, ndipo anawatenga mwamsanga moti sindinamvetse. Pachisilamu akazi sitipita kumanda. Ndinaima ndi amayi ena pabwalo, ndikuona jeneza lonyamula thupi lawo likulowa kumanda, m'nkhalango ya mitengo ikuluikulu m'mbali mwa msewu, amuna nkubwerako opanda kanthu. Malo enieni amene anagona amayi anga sindinawaone. Ndinene chilungamo: nsanda anagula ndi Che Amidu, ndipo pa sadaka anapereka nsomba dengu lodzaza. Sindikufuna wina adzati ndinabisa zabwino zawo.

Tinatsala awiri. Ababa ankadula, ine ndinkasadza nthambi ndi kutsitsa nkhuni pamutu. Abale, muwanga ndi mtengo wouma mtima! Nkhwangwa inkalira ngati yagunda mwala, ndipo madzulo ababa ankalephera kufumbata dzanja. Kudula kunali bwino, ntchito yeniyeni inali zitsa. Chitsa chimodzi ankachikumba mozungulira, kudula mizu umodzi umodzi, kuchisonkhera moto, mawa kubwereranso, mpaka chigonje. Ine khosi linkawawa, tsitsi linkanunkha utsi wa nsomba ngakhale nditasamba bwanji. Ana a padooko ankandiitana kuti "Nkhuni," dzina langa la Asiyatu ngati kulibe. Koma chaka ndi chaka munda unkakula. Chimanga choyamba chinamera motayana pakati pa zitsa. Chotsatira chinabwera ndi maungu, nandolo ndi mapira, ndipo tinamanga kankhokwe kathu.

Tsono kwathu kumene tinathawa kuja, mwana aliyense ankakhala ndi mtengo wake. Amayi anandidzalira wa mango nditangobadwa, ndipo pothawa paja unali utayamba kubereka. Ndinkaulota mtengo umenewo kuposa nyumba. Ndiye tsiku lina mayi wina wogula nsomba, ataona kuti ndatula mtolo waukulu kuposa msinkhu wanga, anandipatsa bango limodzi la boloma. Ndinalidya mpaka njere inayera. Njereyo ndinaiumitsa padenga, kenako ndinakaikwirira kumtunda kwa munda, pafupi ndi mwala waukulu pamene chinyezi chinkakhalitsa.

Inamera. Iii, timasamba take tofiirira, tofewa, tolendewera ngati makutu a mwana wa mbuzi! Ndinaitchinga ndi minga. Dzuwa litafika poswa mtengo ndinkatunga madzi kukhwawa m'chitini nkumakwera nawo. Sindinabise, chifukwa sindinkadziwa kuti pali chobisa. Ndinkangoti ndikuchita zimene amayi akanachita akanakhalapo.

Ababa anaiona. Ndikukumbukira bwino, anaima khasu lili paphewa, anayang'ana mbande ija nthawi yaitali, anandiyang'ana ine, kenako anangopitirira. Iwo lamulo ankalidziwa. Ine ndi amene sindinkalidziwa, kuti m'munda wobwereka umadzala zimene ukolole chaka chomwecho, koma mtengo sudzala. Mtengo umakhalitsa kuposa pangano, ndipo mawa umasanduka umboni woti malo ndi ako.

Amene anaulula ndi mlongo wake wa Che Amidu, Abiti Saidi. Mayi ameneyo ankabwera m'munda mwathu kudzathyola nkhwani nthawi ina iliyonse, osaodira, chifukwa malowo anali a mbumba yawo. Tsiku limenelo anafika mpaka pamwala. Ndinamuona ataima manja m'chiuno. Anatsika osathyola ndi tsamba limodzi lomwe.

Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti, Che Amidu anakwera phiri. Sanabwere yekha. Anabwera ndi mlongo wakeyo, anyamata ake a m'ngalawa, ndi ena ongotsatira kudzaonera. Munthu amene sanakwerenso phiri chitisonyezere malo aja, tsiku limenelo anafika pamwamba ali wefuwefu, mkanjo utanyowa kumsana.

"Che Jafali, ichi n'chiyani?"

"Ndi mwana, bwana. Masewera a mwana."

Aka kanali koyamba kumva ababa akutchula munthu ameneyo kuti bwana. Kale ankati achimwene.

"Masewera amathiriridwa madzi? Masewera amatchingidwa ndi minga?" Mawu a Che Amidu anali ofewa monga mwa masiku onse, ndipo n'chimene chinkaopsa. "Ife tinakuonani ngati abale. Lero mwayamba kudzala mitengo. Mawa ine ndikafa, mudzauza ana a mlongo wangayu kuti munda ndi wanu, umboni ndi mango awa. Ngati malo mwawakhumba, nenani, tisiyane bwinobwino lero lomwe."

Ababa anagwetsa nkhope. Ine mtima unandipsa. Ndinali mwana wapakamwa kuyambira kale, amayi ankandinena. Ndinaloza mtsetse wonse umene unali mbee, kuchokera pamwala mpaka kukhwawa, ndipo ndinati, "Nanga mitengo yonse tadula ija? Yonse ija inapita kwa inu. Ife tangobwezerapo umodzi wokha!"

 Mnyamata wina anaseka nkudzigwira pakamwa. Abiti Saidi anawomba m'manja nati, "Mwamva? Mwana sanena zimene sanamve m'nyumba."

Ndi pamene ababa anandimenya. Chibadwire anali asanandikhudzepo ndi chala, ngakhale tsiku limene ndinaswa mtsuko wa amayi. Khofi limenelo linachokera m'dzanja limene linauma ndi nkhwangwa, ndipo ndinagwa chagada. Khutu linalira. Nditadzuka ndinaona nkhope yawo ili gwa.

"Zula," anatero.

Ndinawayang'ana.

"Asiyatu, ndati zula. Ndi manja ako."

Ndinachotsa minga ija, ina inandibaya koma sindinamve. Ndinagwira mbande kumunsi nkukoka. Inakana. Muzu wake unali utapita pansi kwambiri, inetu ndi amene ndinkauthirira. Ndinakumba ndi zala, misozi ikugwera m'dzenje momwemo, anthu onse aja akuonerera. Potsiriza inatuluka, njere yake ikadali chimamatire kumuzu. Ababa anandilanda nkuiponya pamulu wa zinyalala osayang'anako.

"Basi, nkhani yatha," anatero Che Amidu. "Mwana ndi mwana. Madzulo mumutume adzatenge utaka."

Utakawo unabwera, koma ine sindinaulawe. Ndipo ababa sindinawalankhule nthawi yaitali. Ndinkawaphikira, ndinkawatungira madzi osamba, akafunsa kanthu ndinkayankha ndi mutu. Che Amidu sindinkamuda kwambiri, anali munthu wapadera. Amene ndinkadana naye anali bambo anga ondibereka, amene anandigwetsa pansi pamaso pa anthu kuti asangalatse mwini khoka. Mumtima ndinkawatcha wamantha. Iwo ankadziwa, ndipo sanadziteteze.

Munda unapulumuka, inde. Tinapitiriza kudula ndi kutsitsa. Mitengo inatha mpaka kumalire a kumtunda, chitsa chomaliza chinazulidwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ababa anaunga mizere yowongoka yopingasa mtsetse popanda chowakhotetsa. Chaka chimenecho chimanga chinachita kudabwitsa. Anthu a kudooko ankakwera kudzangoona, ena nkumati sankadziwa kuti phiri lawo lingabereke chotere. Ababa anayamba kuyimba polima, zimene ndinali nditaiwala kuti amatha.

Titangomaliza kukolola, Che Amidu anabwera kachiwiri. Ulendo uno anabwera ndi mphwake, mwana wa Abiti Saidi, amene anali atangokwatira. Anakhala pamphasa, anafunsa za moyo, anayamikira nkhokwe. Kenako anati mnyamatayu tsopano ndi munthu wamkulu, nyanja masiku ano siikupatsa ngati kale, ndiye mbumba yagwirizana kuti ayambe kulima pamalo a makolo ake.

"Koma nkhondo siinathe," anatero ababa, motsitsa mawu.

"Ayi, sitikukuthamangitsani. Tingathamangitse m'bale? Kuseri kwa mwala uko kuli malo ena. Mitengo iliko yambiri, nthaka yake ndi yabwino kuposa pano. Mukhoza kuyambako mawa lomwe, nkhuni muzitsitsa monga kale."

Ngakhale ine mwana ndinamva pamenepo. Anthu aja sankafuna mlimi, ankafuna nkhwangwa. Pamene panali mitengo tinali abale, pamene patsala dothi lofewa lopanda chitsa pakhala pa makolo awo. Mango anga aja sanali mlandu ayi. Mlandu unali woti tinayamba kuoneka ngati anthu oti tikhala.

Ababa anayang'ana zikhato zawo, zong'ambikang'ambika. Ndinkadikira kuti akalipe, atukwane, aswe kanthu. Iwo anangoti, "Nkhwangwa yanga yatha, Che Amidu. Zikomo, mwatisunga." Zikomo! Mawu amenewo anandiwawa kuposa khofi lija.

Tinagulitsa chimanga chimene sitikanatha kunyamula, ndipo m'mawa wina tinamanga katundu kubwerera cha ku Chiponde, kumene ababa anamva kuti kuli maganyu m'minda ya fodya. Palibe anatiperekeza. Njira yathu yokakwerera galimoto inkadutsa m'mbali mwa manda aja. Pamenepo ndi pamene zonse ndinasunga zinaphulika.

"Munandimenya chifukwa cha munda," ndinatero. "Munandizulitsa mtengo wanga chifukwa cha munda. Munda wake uli kuti? Mwaunyamula m'thumbamo?"

 Anatula katundu pansi. Anandigwira phewa nkunditembenuzira kumanda, ife tili pamsewu pomwepo, nkuloza ndi chala pakati pa mitengo iwiri ikuluikulu cha kumapeto. Poyamba sindinaone kanthu. Kenako ndinaona kamtengo kofika m'chiuno mwanga, masamba ake aatali obiriwira, kunsonga kuli timasamba tatsopano tofiirira. Kanali kotchingidwa ndi minga.

"Amako ali pamenepo," anatero. "Tsiku lija anthu atatsika ndinakautola pazinyalala. Unali utafota, sindinkadziwa ngati ugwira. Ndinkati ndikapita kukawapempherera ndinkatenga madzi m'birika." Anatsitsa chala chija. "Malo amene anthu awa anatipatsa osadzatilandanso ndi awa okha, mwanawe. Apa palibe adzabwere kudzati zula."

Ndinafuna kuthamangira pomwepo, koma mkazi salowa kumanda. Ndinangokhala pansi m'fumbi la pamsewu nkulira, kulira kumene sindinalire ngakhale tsiku la maliro. Ababa anaima pambali panga osandiletsa, mpaka galimoto inabwera.

Nkhondo itatha iwo anabwerera kwawo, ndipo anamwalirira komweko. Ine ndinakwatiwa kuno ku Chiponde. Ndimalima, ndimagulitsa nandolo ndi tomato, ndipo pakhomo panga pali mitengo yambiri moti oyandikana nawo amandiseka kuti ndikufuna kukhala m'nkhalango. Aseke.

Nthawi ina ndinakwera minibasi yopita ku Monkey Bay ndi katundu wanga. Inali nyengo ya mango. Titayandikira mudzi uja ndinasuzumira pawindo. Phiri lija ndi dazi lokhalokha, mpaka kuseri kwa mwala kumene ankatitumako kuja. Anapeza wina wowadulira. Pamene panali munda wathu pali zigwembe zofiira zoti munthu angabisalemo ataima. Dothi limene ababa ananunkhiza lija linatsika ndi mvula kukalowa m'nyanja, ndipo anthu amati m'mphepete mmene chambo chinkaswana munadzaza matope. Padooko utsi ulipobe, koma wochepa, ndipo ndinaona amayi akuwambira nsomba ndi zitsononkho.

Bambo wina wa jekete amene anakhala pafupi nane anapukusa mutu nati, "Onani phiri ilo. Kunali nkhalango kuno. Othawa nkhondo aja ndi amene anatimalizira mitengo."

Ndinamuyang'ana bwinobwino. Ndinati, "Pepani bambo, nsomba zowambazo ankadya othawa nkhondo?" Anandiyang'ana ngati ndapenga. Sindinapitirize, pakamwa pangapa pananditayitsa kale zambiri.

Zimene ndikudziwa tsopano n'zakuti ababa sanali amantha. Anali munthu wopanda poponda, wokhala ndi mwana woti adye, ndipo tsiku lija anasankha pakati pa tsaya langa ndi nkhokwe yathu. Ndinawakhululukira pamsewu paja. Enawo sindinawakhululukire, ndipo ashehe akandiuza kuti ndi tchimo ndimavomera kuti ndi tchimo. Anatilola kudula phiri lonse, mtengo uliwonse umene Mulungu anameretsa, koma umodzi umene anadzala mwana unawakweza phiri atavala mikanjo ya Lachisanu.

Ndinapempha kondakitala kuti aime pang'ono, ndinanama kuti ndamva chizungulire. Ndinatsika nkuima pamalo omwe aja, pamsewu wa m'mbali mwa manda. M'dera lonselo pobiriwira ndi pamanda pokha, chifukwa ndi pokhapo pamene nkhwangwa imaopa. Mtengo wanga uli pomwepo, wakula kuposa ina yonse ya kumapetoko, nthambi zake zatambalala pamwamba pa amayi. Unali utabereka mochita kuwerama. Pansi panali mbwee mango akupsa, achikasu, ena osweka, ntchentche zili ng'waa, fungo lake likufika mpaka pamsewu. Ana anali kusewera chapafupi, ana oonekeratu kuti sanadye, koma palibe ndi mmodzi yemwe anayandikira, chifukwa za kumanda sizidyedwa.

Dalaivala anaimba hutala. Ndinakwera. Mtengo umenewo ndinaudzala ndine, ndinauthirira ndine, ndinamenyedwa chifukwa cha iwo, ndipo bango lake ngakhale limodzi sindinalilawepo.